Amene Anaima Pambali pa Ng'oma ya Bongtaro

Lonwara, Ambrym
4 Malichi 2013

Kwa Merelyn, mwana wanga, ku Port Vila.

Lero ndi Lolemba, pa 4 Malichi. Pakhonde pano tilipo atatu: ine bambo wako Esrom Bongtaro, mayi ako Ketura, ndi abusa a Sailas amene ndawaitana kuti akhale mboni ya zimene ndilembe. Sindikuimbira lamya chifukwa nkhani ya malo siyendera mumphepo.

Moni. Ife tilipo. Chilazi chachita bwino, ndipo phulusa la phiri lamoto silinatigwere chaka chino. Za moyo wako sindikuzidziwa, poti kalata yako yomaliza inali ya pa Khirisimasi.

Mabuku amene unakonza afika kusukulu ndi sitima ya sabata yatha. Ana awalandira. Pa tsamba 14 pali chithunzi chakale cha bwalo lathu lovinira, ng'oma ya agogo anga a Bongtaro itaima pakati, ya mtengo ija yosemedwa nkhope ziwiri. Pambali pake paima munthu wovala minyanga ya nkhumba m'mikono. Pansi palembedwa kuti: "Saktemar, mwini bwalo la Lonwara, ndi ng'oma yake." Pachikuto pa bukulo pali dzina lako.

Loweruka tikumwa kava, chakumwa chathu cha amuna, Obed mdzukulu wa Saktemar anafika buku lili m'khwapa. Analitsegula pamaso pa amuna onse. Anati, "Akulu, zaka zonsezi mwakhala mukutitcha obwera, anthu othawa phulusa amene munawapatsa pogona. Taonani agogo angawa. Kodi wobwera amavala minyanga pabwalo la eni? Ndipotu sindinalembe ndine. Walemba ndi mwana wanu wophunzira uja."

Anthu anaseka. Wina anati, "Esrom, yakudyera chilazi ndi nkhumba yako yomwe." Ine ndinakhuthulira kava wanga pansi n'kuchoka.

Obed wakasuma kubwalo la akuluakulu a malo. Akufuna bwalo lovinira, ndi munda wonse wa kokonati kuyambira pa kachere mpaka kunyanja. Mlandu ndi wa pa 25 Juni. Kokonati wa m'mundamo ndiye anakuphunzitsa iwe.

Undiyankhe. Chithunzicho unachitenga kwa yani, ndipo unapempha kwa yani? Ufulu wosema nkhope ziwiri agogo anga anaugula ndi nkhumba za minyanga zisanu ndi zinayi. Ng'oma yotero munthu saisema, saijambula, saionetsa kwa alendo mwini wake asanalole.

Ndine bambo wako,
Esrom Bongtaro

Port Vila
19 Malichi 2013

Bambo,

Ndakupatsani moni, inu ndi Amayi. Ine ndili bwino, kungoti kalata yanu yandisowetsa tulo. Ndikupepesa chifukwa cha manyazi amene munachita pakati pa anzanu. Koma mundimvere kaye.

Bungwe lathu linandipatsa ntchito yokonza buku lowerenga m'chinenero chathu, koma ndalama zogulira zithunzi silinandipatse. Zithunzi zambiri za pa intaneti zili ndi eni ake. Ukatenga osapempha, akutengera kukhoti. Ndiye ndinkafufuza zokhazo zimene lamulo limalola aliyense kugwiritsa ntchito. Zina eni ake amalola, bola uwatchule dzina. Zina n'zakale kwambiri moti zilibenso mwini.

Miyezi itatu ndili pa ntchito imeneyi, Bambo. Ndikafufuza munda, kumabwera thirakitala. Ndikafufuza chipatso, kumabwera maapozi. Ndikafufuza nyumba, kumabwera ya njerwa yokhala ndi chumuni. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndi chithunzi cha sitima ya pamtunda pa chilumba chopanda njanji, ndipo sindinkafuna kuti ana a ku Lonwara aziphunzira choncho mpaka kalekale.

Tsiku lina ndinapeza zithunzi zimene nyumba ina yosungira mabuku ku Australia yaika poyera. Anajambula ndi mzungu amene ankayenda pa sitima zodzatenga anthu okalima nzimbe ku Queensland, zaka zoposa zana zapitazo. Nditaona ng'oma yathu ndinalira muofesi, anzanga akundiyang'ana. Mzunguyo anafa kalekale, ndiye chithunzicho chilibe mwini. Panalibe woti ndim'pemphe. Mawu a pansiwo analemba ndi iyeyo ndi dzanja lake. Ine ndinangowamasulira, chifukwa anatiphunzitsa kuti mawu a chithunzi chakale sitisintha.

Dzina la Saktemar ndinaliona. Ndinayesa ndi agogo athu omwewo, poti amuna akakwera udindo amalandira dzina lina. Nanga ndikanadziwa bwanji? Ndani anandiuzapo mayina a makolo a Obed? Nkhani za bwalo mumakamba amuna nokhanokha. Ndili mwana ndikangoyandikira mumati, "Choka apa, pita kwa amako." Ndinachoka. Lero mukundikalipira chifukwa chosadziwa zimene munandibisira nokha.

Amayi muwauze kuti nsalu yawo ndaigula, ikubwera ndi sitima.

Ndine mwana wanu,
Merelyn

Lonwara
11 Epulo 2013

Merelyn,

Moni. Tilipo. Kalata yako inakhala milungu itatu m'njira chifukwa cha mafunde.

Wati chithunzicho chilibe mwini. Ng'oma ili ndi mwini. Ndine.

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndiye undiphunzitse. Mzungu akafa, katundu wa anthu ena amene anali m'thumba mwake amasanduka wa aliyense? Lamulo limenelo anapanga ndani, ndipo nkhumba yake anaphera pabwalo liti? Wati panalibe woti um'pemphe. Ine ndinali pano. Sitima imabwera mwezi uliwonse.

Zoti ndinkakuthamangitsa ndamva. Sindiyankha.

Obed wachulukitsa tsamba 14 pa makina a kumishoni. Lina wakhoma pasitolo, lina pakhomo pa tchalitchi. Dzulo ndikudutsa anandiitana. "Akulu, mwawapatsa moni agogo? Akukuyang'ananitu. Kokonati wa chaka chino musavutike kuphwanya, tidzaphwanya tokha."

Amuna awiri amene akanandiikira umboni tsopano akuti pepala la mzungu silinama. Atate awo anadya nkhumba za atate anga pabwalo lomwelo.

Uchite izi. Uchotse chithunzicho m'makina momwe unachipeza. Uitanitse mabuku onse abwerere. Ulembe kalata kubwalo la akuluakulu yonena kuti unalakwitsa.

Bambo wako,
Esrom

Port Vila
2 Meyi 2013

Bambo,

Moni kwa inu ndi Amayi. Ndikhulupirira mwendo wanu uja wasiya kutupa.

Kalata yonena kuti ndinalakwitsa ndalemba, ili m'envulopu momwemu. Mabuku sangabwerere, afika kale m'masukulu khumi ndi limodzi. Chithunzicho sindingachichotse. Si changa. Chimene chinandilola ine kuchitenga chikumulolanso Obed, ndi munthu wina aliyense padziko. Ndinalembera a nyumba ya mabuku ija. Ayankha mwaulemu kuti akhoza kuwonjezera mawu pansi pa chithunzicho, ngati mkulu wa banja atafotokoza zimene akudziwa ndi kusaina.

Koma musakwiye kaye, ndili ndi nkhani yabwino. Mzungu uja anasiya zithunzi mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri. Ndaziyang'ana zonse chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chili ndi nambala ndi tsiku. Cha ng'oma chija ndi nambala 87. Nambala 88 ndi cha tsiku lomwelo, ndipo ndi chimene ndakutumiziranichi.

Anajambulira pa sitima. Taonani munthu wanyamula mfutiyo. Mphumi ndi yanu, Bambo! Kaimidwe ndi kanu komwe, ngati wina wangomulakwira kumene. Pambali pake pali mnyamata wovala nsalu yatsopano. Mawu a pansi akuti: "Bongtaro, mkulu wa Lonwara, ali ndi mnyamata wolowa ntchito." Mwamva? Mkulu wa Lonwara. Mzungu yemweyo, tsiku lomwelo, dzanja lomwelo. Ngati pepala la mzungu silinama, ndiye Obed alimeze ili.

Chondidabwitsa n'chakuti agogo alibe minyanga m'mikono. Mwina anavula kuopa madzi a m'nyanja. Inu ndiye mungadziwe.

Ichinso n'chaulere, aliyense akhoza kuchigwiritsa ntchito. Ndasindikiza zitatu papepala lolimba. Chimodzi mukakhome pasitolo pambali pa cha Obed. Ndikanakonda kuona nkhope yake.

Mundiyankhe msanga. Ndakonza zimene ndinawononga, tsopano mundikhululukire.

Mwana wanu,
Merelyn

Lonwara
30 Meyi 2013

Mwana wanga Merelyn,

Ndine mayi ako. Moni. Nsalu inafika, ndi yokongola, koma ndilibe mtima woivala. Kalatayi ndikulemba mobisa, ndipereka kwa mkazi wa abusa amene akupita kuchipatala ku Vila.

Iwe, unawatumizira chiyani bambo ako? Ine ndimayesa asangalala. Anatsegula envulopu ataima, kenako anakhala pansi pa dothi penipeni, mkeka uli pomwepo. Anayang'ana chithunzicho mpaka chakudya chawo cha laplap chinazizira. Ndinasuzumira. Chala chawo chachikulu chinali chitaphimba mnyamata uja.

Ndinati, "Bambo a Merelyn, si agogo anu awa? Tapulumukatu. Nanga mwanayu ndani?"

Anati, "Ketura, kasamale nkhuku zako."

Ndinati, "Nkhuku zadya kale. Ndafunsa za mwanayu."

Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo zaka makumi anayi ndi zisanu. Zithunzi zonse zitatu anazitsomeka kudenga. Pasitolo sanakhome kanthu. Kumwa kava ndi anzawo anasiya. Amalawirira kumunda wa kokonati ndi chikwanje, koma akabwera chikwanjecho n'choyera. Abusa anawapeza atangokhala pansi pa kachere. Atawafunsa anati, "Abusa, m'buku mwanu muja, tchimo la atate limafika mibadwo ingati?" Abusa atayamba kufotokoza, iwo ananyamuka.

Ine ndinakwatiwa kuno, za makolo awo sindizidziwa. Koma ndatopa. Dzana kumtsinje mkazi wa Obed anati, "Mayi Ketura, mukadzasowa poumitsira kokonati mudzabwere, ife obwera sitimana." Ndinamuuza kuti achape kaye m'kamwa asanachape zovala. Ndinayankha bwino, koma kunyumba ndinalira. Munda ukapita, ife tidya chiyani? Bambo ako ali ndi mpeni m'manja ndipo akungoyang'ana nkhumba ikulowa m'munda.

Uwalembere. Iwe amakukalipira, koma amakumvera kuposa ine. Ukapeza mpata unditumizireko magalasi owerengera, akalewa mwendo umodzi ndamanga ndi ulusi.

Mayi ako,
Ketura

Port Vila
10 Juni 2013

Bambo,

Moni. Masabata asanu osandiyankha.

Nditalakwitsa munalemba makalata awiri, mboni zili pakhonde. Nditakonza mwakhala chete. Kodi vuto ndi chithunzicho, kapena vuto n'lakuti wachipeza ndi mwana wamkazi? Mukulolera kuti Amayi azinyozedwa kumtsinje, mukulolera kutaya munda, bola musanene kuti Merelyn wathandiza?

Mlandu watsala masiku khumi ndi asanu. Mukapanda kuchionetsa, ndichitumiza ndekha kwa akuluakulu a bwalo. Sindikufunika chilolezo chanu. Lamulo silifuna kuti ndipemphe kwa munthu, ndipo ulendo uno ndikudziwa chimene ndikuchita.

Merelyn

Lonwara
27 Juni 2013

Kwa Merelyn, mwana wanga.

Lero ndi Lachinayi, pa 27 Juni. Pakhonde pano pali ine, mayi ako, ndi abusa a Sailas. Obed mdzukulu wa Saktemar aliponso. Mkeka waukana, wakhala pa chitsa panja. Wabwera kudzamva zimene ndilembe, ndipo ndikamaliza abusa awerenga mokweza.

Moni. Tilipo. Kalata yako inafika mlandu utatsala masiku awiri. Wati ukudziwa chimene ukuchita. Sukudziwa. Koma si iwe wolakwa. Ndinakuthamangitsa pa nkhani zimenezi, ndipo ndikuvomera.

Zimene ndilembezi anandiuza ndi atate anga ali pafupi kufa. Anandilumbiritsa kuti ndidzauze mwana wamwamuna mmodzi yekha. Mwana wamwamuna ndilibe. Ndinaganiza zopita nazo kumanda.

Saktemar anafika kuno ndi mng'ono wake Melip, phulusa litakwirira mudzi wawo. Anatsala awiri okha. Agogo anga a Bongtaro anawalandira. Patapita zokolola ziwiri, kunabwera sitima yotenga anthu. Agogo ankafuna mfuti. Mtengo wa mfuti unali munthu mmodzi. Mwana wa m'mudzi sakanam'pereka, chifukwa aliyense anali ndi abale om'funsa. Melip anali ndi m'bale mmodzi, ndipo m'baleyo sankamusiya yekha sitima ikakhala pagombe.

Pa sitimapo panali mzungu wojambula. Ankafuna mfumu itaima pa ng'oma. Agogo anavula minyanga yawo n'kumuveka Saktemar. Anati, "Mlendo wanga, lero ndikulemekeza. Pita kubwalo ukaime m'malo mwanga." Munthu amene sanaphepo nkhumba ya minyanga sangakane ulemu wotero. Anapita. Kujambula kwa masiku amenewo kunali kochedwa. Saktemar ataima pa ng'oma osagwedezeka, agogo anali m'bwato ndi Melip, atamuuza kuti akungokaona mkati mwa sitima.

N'chifukwa chake m'chithunzi chako chachiwiri mikono ya agogo ilibe kanthu, koma mfuti ali nayo.

Saktemar anauzidwa kuti mng'ono wake wathawa yekha, wakopeka ndi fodya ndi nsalu. Anakhulupirira. Mpaka lero mwana wa banja la Obed akakhala wosamvera amamuti wayamba za Melip. Palibe mwana amene anam'patsa dzinalo.

Chithunzicho ndikanatha kuchionetsa n'kungowerenga mawu akuti mkulu wa Lonwara. Ndikanapambana. Koma ukanachiika m'buku, ana a Obed akanaphunzira kuwerenga poloza m'bale wawo osamudziwa. Kuchibisa sindikanathanso, poti wandiphunzitsa wekha kuti aliyense akhoza kuchipeza.

Lachiwiri pabwalo, Obed analankhula koyamba. Anakweza tsamba 14 n'kuti, "Akulu aja lero alibe mawu. Mwina abwera kudzapempha kuti tiwasiyireko kokonati awiri a msuzi." Ine ndinaimirira. Ndinapereka chithunzi kwa akuluakulu, china ndinapereka kwa Obed m'manja. Ndinanena zonse monga ndalembera pano. Ndinatulutsanso minyanga ija. Wakumanja uli ndi nsonga yothyoka, ndipo m'chithunzi cha Saktemar ukuoneka chomwecho.

Panalibe woseka. Obed anayang'ana pepala nthawi yaitali. Kenako anati, "Uyu ndi Melip?"

Ndinati, "Ndi iyeyo."

Anati, "Ali ndi makutu a mwana wanga." Anandiyandikira n'kundilavulira pachifuwa. Amuna anafuna kum'gwira. Ndinawaletsa.

Bwalo lagamula kuti bwalo lovinira ndi ng'oma ndi za banja la Bongtaro, ndipo munda nawonso. Nditamva chigamulo ndinaimiriranso n'kupereka munda wa kokonati kwa Obed, kuyambira pa kachere mpaka kunyanja, pamodzi ndi nkhumba yanga ya minyanga. Sanandilande. Ndapereka ndekha, chifukwa cha mutu wa Melip. Mayi ako sanandilankhule kuyambira tsikulo. Ali ndi chifukwa. Tatsala ndi dimba la kuphiri, ndipo miyendo yathu ndi yokalamba.

Obed sanathokoze. Anati, "Munda si m'bale wa agogo anga. Zaka zana takhala tikutukwana munthu wosalakwa, inu mukutipatsa moni m'mawa uliwonse." Ndinam'funsa chimene akufuna. Anati bodza linalowera m'buku la ana, choona chilowerenso momwemo.

Tsopano uchite izi.

Ukonzenso tsamba 14. Uikepo zithunzi zonse ziwiri, cha ng'oma kumanzere, cha pa sitima kumanja. Ine mwini ng'oma ndalola. Obed mwini nkhope za abale ake walola. Pansi pake ulembe mawu awa, osachotsa kapena kufewetsa:

"Melip wa ku Lonwara, mng'ono wa Saktemar. Sanathawe. Bongtaro, mwini ng'oma iyi, anam'gulitsa ndi mfuti, atam'veka Saktemar minyanga yake kuti aime pabwalo. Wanena ndi Esrom, mdzukulu wa Bongtaro."

Mawu omwewo utumize kwa a nyumba ya mabuku ku Australia. Pepala losaina ine, Obed ndi abusa lili m'envulopu momwemu. Uwauze kuti aliyense wotenga zithunzizo atengenso mawuwo, sadzalipira kanthu.

Masamba atsopano apite ku masukulu onse khumi ndi limodzi. A ku Lonwara uwatumize ndi sitima ya mwezi wa Julayi, ndipo pa phukusipo ulembe dzina la Obed.

Ndine bambo wako,
Esrom Bongtaro